Wakabaza Wosaima

Masana ndimataipira anthu makalata ofunsira ntchito
m'kashopu ka a Twaibu, kuseri kwa depoti ya Salima.
Akatseka, kompyuta imatsala ndi ine,
ndipo ndimabwerera kwa wakabaza wanga:
timadontho tofiirira, kachipewa kachikasu,
njinga yomwe ndinaijambula Lachiwiri usiku, tayala lina lobenthuka.

Ndinamulangiza: ukamva W, palasa.
A, khotera kumanzere. D, kumanja.
Zemba mbuzi, zemba maenje.
Koma iye payekha ndi gonthi.
Amamumvera ndi kamzere kena ka m'pulogalamu
kamene kamazungulira ngati mnyamata wa mazira pa depoti,
maulendo makumi asanu ndi limodzi pa sekondi,
kugogoda windo lililonse:
alipo wandiitana? alipo?

Loweruka kunabwera Limbanazo, mwana wa achemwali,
zala zili noninoni ndi mafuta a tchipisi.
Anadina W kamodzi, n'kuchotsa chala.
Wakabaza sanaime.
Anapyola mbuzi, anapyola msika,
anatulukira m'mphepete mwa sikirini osacheuka,
kungotsala manambala ake akukwera pakona:
chikwi, zikwi ziwiri, zitatu.
"Anti, wapita kuti?"
Ndinati, wapita ku Joni.
Pakamwa panga! Mwana sanaseke.
Bambo ake chino n'chaka chachinayi.

Cholakwa chinali changa.
Ndinamuphunzitsa kumva chala chikafika,
osamuphunzitsa kumva chala chikachoka.
Kani batani limalankhula kawiri,
potsika ndi pokwera,
ndipo ine ndinkamvera mawu oyamba okha
ngati mlamu womva "takulandirani"
koma "tsopano kwada" osamva.
Mizere itatu basi ndinawonjezera:
likakwera, gwira buleki.

Kenako mausi.
A Twaibu amaitcha mbewa,
amati bola za pamsewu wa ku Lilongwe, zija zimapita ndi mchere.
Iyi ilibe nkhani zambiri, imangoti ndili apa, ndasuntha, ndili apa.
Kwa iyo dziko limayambira pakona ya kumtunda chakumanzere,
ndipo ukamatsika m'pamene nambala ikukula.
Masiku awiri ndinkaloza kumwamba, muvi n'kumathawira pansi,
ine n'kumatukwana chingwe chosalakwa.

Ndinaipatsa ntchito yoliza belu la njinga.
Kudina kamodzi, belu ngrii ngrii ngrii osapuma,
mpaka mlonda wa pa golosale anasuzumira.
Kamzere kaja kankapeza chala chidakali pomwepo
n'kumayesa mlendo watsopano ulendo uliwonse.
Ndinakapatsa kokumbukira:
usanalize, dzifunse, kodi muja ndinadutsa chinalipo kale?
Ngati chinalipo, khala chete.

Kiyibodi yathu ndi nkhalamba.
Chilembo A chinafufutika ndi thukuta la ofuna ntchito,
batani lalitali lija limafuna kulimenya pakati penipeni,
ndipo ukadina atatu pamodzi
lachitatu limangoti zii, ngati mboni yoopa kubwalo.
Izi sindingazikonze ndi mizere.
Ndinangosuntha malamulo, kuti zala zisamakumane pamenepo.

Loweruka linalo Limbanazo anabweranso, atasamba m'manja.
Ndinamukonzera mbuzi zisanu ndi lole ya makala,
koma iye sanazisamale.
Anadina. Anasiya. Wakabaza anaima nji.
Anadinanso. Anasiya. Anaima.
Kakhumi konse, osafika n'komwe pamsika,
mphuno ili pafupi kugunda galasi.

"Nanga lobwerera ndi liti?"

Ndinali ndisanaliike.
Ndinamuuza adikire, akagule fizesi,
ndipo ndinalemba mothamanga, zala zikuphonyaphonya,
njinga yopalasa chammbuyo, chinthu chosaoneka pamsewu uliwonse.
Atabwera ndinamulozera S.

Analidina, osalisiya,
chala chili gwa mpaka chikhadabo kuyera,
kudikira m'mphepete mwa sikirini
pomwe wakabaza woyamba uja anatulukira.